Munthu anakana jezi, inu mum'veka bwanji pa kompyuta?

Ku America kuli anthu, ambili a iwo aakulu ndithu a imvi kumutu, amene amagona mocedwa cifukwa ca tumakhadi twa pepala. Amakhala pa kompyuta n'kumapangila makhadi anthu osewela baseball amene anasamutsidwa kucoka ku timu ina kupita ku inzake, ena zaka 50 zapitazo, ndipo khadi iliyonse amaikonza kuti ioneke monga inatuluka m'fakitale m'caka comweco. Palibe anawatuma. Ambili palibe olo ngwee imene amapezapo. Nidziwa kuti wina wang'ung'udza kale pa mpando wa kumbuyo uko, ati a mlembi, ise baseball tiidziwila kuti, tiuzeni za mtengo wa unga. Dekhani, akulu. Mzele wa mamotoka pa Kafue roundabout sunayambe kusuntha, ndipo nkhani iyi ni ya munthu wa pa nchito amene abwana amugulitsa osamufunsa, kenaka wina n'kumujambula atavala yunifomu imene iye anakana.

Tiyambe na khadi yeniyeniyo. Ni kapepala kolimba, kokulilapo pang'ono kuposa khadi ya ku banki, masentimita pafupifupi 6 na hafu m'lifupi na 9 m'litali, ndipo saizi imeneyi inakhazikika mu 1957. Kutsogolo kuli cithunzi ca wosewela, dzina lake, timu yake na malo amene amaima m'bwalo. Kumbuyo kuli manambala: caka cakuti anali ku timu iti, anasewela magemu angati, anamenya mpila kangati. Kale makhadi anali kubwela m'mapaketi a fodya. Pambuyo pake malonda anatengedwa na makampani a cingamu, ndipo imene inapambana onse ni Topps ya ku Brooklyn, mu New York. Makhadi ake a mu 1952, onse 407, anawakonza ni Sy Berger na mnzake Woody Gelman pa thebulo la m'khichini kunyumba kwa Berger. Ana anali kusinthana, kubecelana, ena kumangilila ku masipoko a njinga kuti izilila monga honda. Imodzi mwa makhadi a 1952 amenewo, ya Mickey Mantle, inagulidwa madola 12.6 miliyoni mu August 2022. Musayese kuwelenga m'makwacha, mudzapitilila posikila panu.

Manje tibwele pa cimene iwo amacha trade. Apa baseball isiyana na bola yathu. Patson Daka pocoka ku Red Bull Salzburg kupita ku Leicester City mu 2021, makalabu awili anagwilizana mtengo, inde, koma iye mwini anafunika kuvomela na kusaina kontilakiti yatsopano. Akanakana, nkhani ikanathela pomwepo. Ku baseball matimu amasinthana makontilakiti a anthu monga mmene timasinthanilana mbuzi na nkhuku, ndipo wosewela wamba amangouzidwa kuti longa cola.

Pa 4 August 1982, Joel Youngblood anali kusewelela New York Mets masana ku Chicago. Gemu ili mkati anamucotsa n'kumuuza kuti tsopano ni wa Montreal Expos. Anakwela ndeke, ndipo usiku womwewo anali m'bwalo ku Philadelphia atavala jezi ina. Mu 1962, timu ya Cleveland inapeleka Harry Chiti ku Mets, pangano n'lakuti Mets idzabweza wosewela wina amene adzachulidwa mtsogolo. Patapita milungu ingapo, wosewela amene anabwezedwa anali Chiti yemweyo. Munthu anakhala malipilo a iye mwini! Izi n'zoseketsa, koma ya Wilmer Flores mu July 2015 siinaseketse. Anamva ali m'bwalo kuti Mets yamupeleka ku Milwaukee, timu imene inamutenga ku Venezuela ali na zaka 16 yamutaya, ndipo analila misozi pamaso pa makamela gemu ikali kucitika. Malondawo analephela usiku womwewo, anakhalabe, koma dziko lonse linali litaona kale.

Ena a inu muidziwa kalata ya transfer, ija yakuti Monday mukayambile ku Solwezi pamene ana ali pakati pa temu. Koma inu mukakwiya mungasiye nchito n'kukafunsila ku kampani ina. Wosewela baseball analibe njila imeneyo mpaka m'ma 1970. M'kontilakiti iliyonse munali ndime yochedwa reserve clause, imene inali kulola timu kuonjezela kontilakiti caka cimodzi, ndipo eni matimu anali kuiwelenga kuti caka cimodzi cimeneco cingaonjezeledwe mpaka kalekale. Ukakana, palibe timu ina imene ingakulembe. Sungani mfundo imeneyi, tidzaifuna kutsogoloku.

Kusamutsa anthu kotele kunali mutu wowawa kwa osindikiza makhadi. Zithunzi zinali kujambulidwa caka cino, makhadi n'kutuluka caka camawa, ndipo pakati apo munthu wasamuka. M'ma 1960 ojambula a Topps anapeza nzelu. Anali kuuza wosewela kuti avule cipewa n'kumujambula nkhope cabe, kapena kuti ayang'ane kumwamba kuti cizindikilo ca timu pa cipewa cibisike. Taganizilani, mnyamata wangofika kumene mu ligi yaikulu, akujambulitsa monyadila, pamene wojambula akukonzekela kale tsiku limene adzamucotsa. Cithunzi cotele cikasowa, anali kutenga kacipangizo kopopela penti kochedwa airbrush n'kupenta cipewa na jezi ya timu yatsopano pamwamba pa zakale. Zina zinali kutuluka bwino, zambili awe: cipewa cooneka monga caumbidwa na dothi, cizindikilo copendekeka. Mu 1972 anatulutsa makhadi 7 okhala na cidindo cacikulu ca mau akuti TRADED, ndipo pakati pawo panali Steve Carlton, Joe Morgan na Frank Robinson. Mu 1974 na 1976 anatulutsa makhadi 44 caka ciliconse a anthu osamutsidwa, ndipo kuyambila mu 1981 anayamba kugulitsa kabokosi kapadela ka makhadi 132.

Pa makhadi onse opentedwa, yochuka kwambili ni ya Oscar Gamble ya mu 1976. Gamble anali na tsitsi la afro lalikulu ngako, lotuluka mbali zonse ziwili za cipewa monga makutu a Mickey Mouse. Mu November 1975 Cleveland inamupeleka ku New York Yankees posinthana na Pat Dobson. Topps inatenga cithunzi cake ca ku Cleveland, n'kupentapo cipewa ca Yankees na mizele ya pa jezi yawo, tsitsi lonse lili pomwepo. Koma mwini Yankees, George Steinbrenner, anali na lamulo loletsa tsitsi lalitali na ndevu, ndipo Gamble anafunika kugela asanapatsidwe yunifomu. Ndiye kuti munthu amene ali pa khadiyo, wa afro yonse mu cipewa ca Yankees, sanaimepo m'bwalo lililonse pa dziko lino. Lamulo la ndevulo, tikambe modutsa, linafewetsedwa mu February 2025 cabe. Gamble anasewela nawo caka cimodzi, anafika mpaka ku World Series, ndipo mu April 1977 anamupelekanso, ulendo uno ku Chicago White Sox.

Ngakhale na penti yonseyo, mipata inatsala, ndipo m'mipata imeneyi ndimo mwalowa anthu athu a pa kompyuta aja. Tengani Reggie Jackson. Pa 2 April 1976, masiku ocepa ligi isanayambe, Oakland inamupeleka ku Baltimore Orioles. Khadi yake ya 1976 inali itatuluka kale, ya Oakland. Anasewelela Baltimore magemu 134, anamenya ma home run 27, kutanthauza kuti mpila unauluka kupitilila mpanda wa bwalo ka 27. Caka citatha anasaina na Yankees, ndipo khadi yake ya 1977 inatuluka na cisoti ca Yankees copentedwa. Topps inali itakonza kale khadi ya Baltimore, koma inathela pa zoyesela, ndipo zoyeselazo zinatsala zocepa kwambili m'manja mwa olemela. Mwana wa ku Baltimore amene anamuonela caka conse ca 1976, pa makhadi ake onse analibe imodzi yoonetsa kuti Jackson anakhalako wawo. Mwana uja lelo ni nkhalamba yokhala na kompyuta, ndipo akuipanga yekha.

Si nchito yamasewela, ngati munthu afuna kuicita bwino. Coyamba afunika kudziwa kuti caka ciliconse cinali na maonekedwe ake. Makhadi a 1970 ali na mpendelo wotuwa, a 1971 wakuda, a 1975 mitundu iwili yowala, wina pamwamba wina pansi, a 1962 na 1987 ooneka monga thabwa. Munthu wosamutsidwa mu 1976 sungamuike pa mpendelo wakuda wa 1971, anzako adzakuseka. Kenaka zilembo: kalembedwe ka dzina la timu, kukula kwake, mtundu umene Topps inapatsa timu imeneyo caka cimeneco, cifukwa nthawi zina unali mtundu wosagwilizana n'komwe na jezi yawo. Covuta kopambana ni cithunzi. Cifunika kukhala ca caka comweco, jezi ya caka comweco, ndipo odziwa amayang'ana mpaka kumbuyo kwa munthu, kuona ngati bwalo limene aimamo linali litamangidwa panthawiyo. Cithunzi cikapezeka, cimafunika kucionongako pang'ono. Makamela a lelo ni akuthwa kwambili, pamene khadi yakale ukaiyang'anitsitsa ni tumadontho twa inki tosanjikizana, mitundu itathawana pang'ono. So pa Photoshop kapena GIMP amaikamo tumadonthoto, amazimilitsako mitundu, ena amasuntha cithunzi kuti cisakhale pakati-kati, monga mpeni wa m'fakitale unali kulakwitsila podula. Kumbuyo amalemba manambala eni-eni a wosewela pa mtundu wa katoni yotuwa. Alipo ena amene amafika mpaka potengela penti yoipa ija ya airbrush, mwadala, ati ndiye kukoma kwake.

Ine anthu awa niwalemekeza. Khadi ya Jackson ya Baltimore imene wina apanga lelo ni yoona kuposa imene Topps inagulitsa mu 1977, cifukwa jezi imeneyo anaivaladi, thukuta lake linalowamo. Kampani inalumpha caka ca nchito ca munthu, ndipo sapota wamba wacibweza. Kumeneko nilibe mau.

Mau anga ayambila pa Curt Flood. Uyu anali munthu wakuda, wosewela wa St. Louis Cardinals kwa zaka 12, katswili wogwila mipila kutali m'bwalo, amene anawina mphoto ya Gold Glove zaka 7 zotsatizana na kutenga World Series kawili, mu 1964 na 1967. Pa 7 October 1969, ali na zaka 31, Cardinals inamupeleka ku Philadelphia Phillies pamodzi na anzake atatu, posinthana na Dick Allen na ena awili. Flood anati sinipita. Nyumba yake na mabizinesi ake zinali ku St. Louis, Phillies inali timu yofooka yosewelela m'bwalo lakutha, ndipo masapota ake anali na mbili yonyoza osewela akuda. Pa 24 December caka comweco analembela kalata mkulu wa baseball, Bowie Kuhn, kumuuza kuti pambuyo pa zaka 12 mu ligi yaikulu sadziona monga katundu wogulidwa na kugulitsidwa iye asanafunsidwe. Kuhn anakana kumumasula. Flood anali kulandila madola 90,000 pa caka, ndalama zambili ngako masiku amenewo, ndipo anthu anamuseka ati kapolo wanji wolemela conco. Iye anayankha pa TV kuti kapolo olo mumulipile bwino akali kapolo.

Anatengela nkhani ku khoti, mothandizidwa na bungwe la osewela limene mtsogoleli wake anali Marvin Miller, munthu amene anacokela ku bungwe la ogwila nchito m'mafakitale a zitsulo. Pa osewela amene anali pa nchito panthawiyo, palibe olo mmodzi anabwela kudzamucitila umboni. Anaopa. Amene anabwela ni opuma kale, Jackie Robinson na Hank Greenberg. Caka conse ca 1970 Flood sanasewele. Mu 1971 anayesa kubwelela na Washington Senators, anasewela magemu 13 cabe, n'kucoka m'dziko kupita ku Spain. Mu June 1972 khoti yaikulu ya America inamugwetsa, oweluza 5 kwa 3. Koma khoma linali litang'ambika. Mu 1973 bungwe linapambana lamulo lakuti munthu amene wasewela zaka 10 mu ligi yaikulu, 5 zothela ku timu imodzi, angakane kusamutsidwa. Mu December 1975 woweluza mikangano ya pa nchito, Peter Seitz, anagamula kuti Andy Messersmith na Dave McNally, amene anasewela osasaina, ni omasuka kupita kumene afuna. Eni matimu anamucotsa nchito Seitz nthawi yomweyo, koma cigamulo cinakhala. Jackson uja posaina na Yankees mu November 1976, zaka 5 pa madola pafupifupi 3 miliyoni, anadutsa pa khomo limene Flood anagumula na mutu wake. Flood anamwalila mu January 1997.

Manje pitani mukaone khadi ya Topps ya Curt Flood ya mu 1970. Dzina la timu lolembedwapo ni Phillies. Munthu ali ku khoti kukana, nchito yake yathela pa kukana kumeneko, ndipo m'masitolo ana akugula cingamu na kapepala kokamba kuti anapita. Sinikamba kuti osindikiza anali na njilu. Anatsatila cabe zimene eni matimu analengeza, monga anali kucitila kwa aliyense. Koma kutsatila kumeneko kunali kuvomela kuti mau a bwana ndiwo nkhani, mau a wanchito ni phokoso.

Jackie Robinson naye zinamucitikila zofanana. Uyu ndiye munthu wakuda amene anathyola tsankho mu ligi yaikulu mu 1947, na Brooklyn Dodgers. Mu December 1956 Dodgers inamupeleka kwa adani awo a mu mzinda womwewo, New York Giants, posinthana na Dick Littlefield na ndalama pamwamba. Robinson anali atagwilizana kale zoyamba nchito ya ukulu ku kampani ya khofi ya Chock full o'Nuts, ndipo mu January 1957 analengeza kuti wasiya kusewela. Malondawo anafafanizidwa. Sanavalepo jezi ya Giants m'gemu olo imodzi. Koma pa intaneti mudzaipeza khadi ya maonekedwe a 1957, yokongola, yopangidwa mwaluso, Robinson ali mu jezi ya Giants.

Apa m'pamene nisiyana nawo. Munthu amene anakana, kapena amene anasankha kucoka m'malo mopita kumene anatumizidwa, osamuveka jezi imeneyo. Topps ya 1970 inali na cifukwa: makina anali kudikila, nthawi inali yocepa. Iwe wa pa kompyuta lelo uli na zaka 50 zodziwa mmene nkhani inathela, ulibe bwana, ulibe tsiku lothela. Ukapenta jezi ya Phillies pa Flood ukumalizila eni matimu nchito imene anailephela pa munthu wamoyo.

Adzaniyankha kuti a mlembi mwakulitsa nkhani, awa ni masewela cabe a "zikanakhala bwanji", ndipo aliyense wokonda makhadi adziwa kuti Robinson sanapite ku Giants. Wokonda makhadi adziwa, zoona. Koma cithunzi sicikhala kwa wokonda makhadi. Inu a m'basi mudziwa bwino zimene zimacitika nyengo ya matransfer mu bola: wina wapenta jezi ya Arsenal kapena ya Chelsea pa wosewela amene sanasaine, waponya pa Facebook, ndipo pofika m'mawa a kondakita na a dalaiva akangana kucoka ku Kulima Tower mpaka ku Chelstone, wina ati naona na maso anga. Mau ofotokoza amatsala kumbuyo, cithunzi cimayenda cokha. Ndipo ca bola cimafa pakapita mlungu, cifukwa zoona zake zimatuluka. Khadi yopangidwa kuti ioneke ya 1957 ilibe mlungu wotele. Luso lake lonse ni lakuti ioneke monga umboni wakale, ndipo wopanga akakhala katswili kwambili, bodza nalo limalimba kwambili.

Wina adzafunsa, nanga ya Gamble ija, siyabodza nayo? Ni yabodza, ndipo niikonda, mwandi. Koma Gamble ku Yankees anapitadi. Penti inanama za tsitsi, siinaname za cifunilo ca munthu. Ndipo mwangozi inasunga cinthu cimene lamulo la Steinbrenner linadula.

Pali nkhani inanso imene opanga makhadi safuna kuimva, ya ndalama. Nkhope ya munthu ili na mwini. Ku America mfundo imeneyi inakhazikika pa mlandu wa makhadi omwewa: mu 1953, pa mkangano wa Haelan Laboratories na Topps, khoti inagamula kuti munthu ali na ufulu pa malonda a cithunzi cake, ndipo angaugulitse kwa amene afuna. Koma kukhala na ufulu na kudyelapo ni zinthu ziwili. Kwa zaka zambili Topps inali kupatsa anyamata a m'maligi aang'ono madola 5 kuti asaine, ndipo akafika mu ligi yaikulu madola 125 pa caka. Marvin Miller atabwela anauza osewela kuti aleke kujambulitsa, ndiye cifukwa cake makhadi ambili a 1968 na 1969 ali na zithunzi zakale, zina zobwelezedwa. Kampani inagonja mu 1968: madola 250 pa caka, kuonjezapo gawo la ndalama zogulitsa makhadi. Osewela anacita kumenyela nkhope zawo. So munthu akapanga khadi kuti aike mu album yake kapena aonetse anzake, palibe amene walandidwa. Akayamba kusindikiza mazana n'kumagulitsa, cithunzi ca wojambula wina, nkhope ya wosewela wina, cizindikilo ca timu ina, iye osalipila aliyense, wabwelela kumbuyo kuposa madola 5 aja.

Ndiye pali a gong'a eni-eni. Khadi yooneka yakale ni cinthu cina, khadi yokalambitsidwa ni cinanso. Akuba amaviika mapepala mu tiyi kapena khofi, amakhuta makona, amapinda pang'ono, n'kunena kuti anaipeza m'bokosi la agogo. Mumsika umene kapepala kamodzi kangafike mamiliyoni a madola, wopanga wacilungamo afunika kudziteteza kwa anthu awa, cifukwa khadi yake ikacoka m'manja mwake angaikalambitse ni wina. Mankhwala ake ni ochipa: kumbuyo alembepo caka cimene waipangila na mau oonetsa kuti ni yopanga yekha, m'zilembo zosafufutika. Opanga abwino amacita zimenezi. Amene amakana ati zionononga kukongola, ine nimawayang'ana monga nimayang'anila wogulitsa foni amene safuna kuti uiyatse usanalipile.

Masiku ano kampani nayo inaona kuti zakale zigulika. Kucokela mu 2001 Topps imatulutsa makhadi ochedwa Heritage, osewela a lelo pa maonekedwe a zaka zakale, ndipo inayambila pa a 1952. Kucokela mu 2016 ili na Topps Now, khadi yosindikizidwa pa zimene zacitika dzulo, yogulitsidwa kwa nthawi yocepa cabe. Munthu wochuka akasamutsidwa kumapeto kwa July, nthawi imene msika wa matrade umatsekedwa, sipatenga masiku khadi yake mu jezi yatsopano yatuluka, ya cithunzi ceniceni. Bizinesi ya makhadi ya Topps inagulidwa na Fanatics mu January 2022 pa madola pafupifupi 500 miliyoni. Pa akatswili, wa pa kompyuta sangapikisane nawo, ndipo safunika kutelo.

Malo ake ali pa anthu aang'ono, aja amene amaikidwa pa trade monga mbasela, amene dzina lawo limabwela kothela kwa nkhani pambuyo pa mau akuti "na ena". Chiti mu jezi ya Mets ya milungu yocepa ija. Youngblood wa pa 4 August, makhadi awili a tsiku limodzi. Kapena mnzathu wa pafupi pano, Gift Ngoepe wa ku South Africa, amene anakulila m'kacipinda ka pa bwalo la baseball ku Randburg kumene amayi ake anali kugwila nchito. Mu April 2017 anakhala munthu woyamba wobadwila mu Africa muno kusewela mu ligi yaikulu, na Pittsburgh Pirates, ndipo mu November caka comweco anamupeleka ku Toronto Blue Jays, kumene anasewela magemu ocepa mu 2018. Jezi zonse ziwili anazivala. Wofuna kumuika pa mpendelo wakuda wa 1971 kapena pa thabwa la 1987 aike, ine nidzaombela m'manja.

Ndipo ngati wina wa iwo afunadi kupangila Flood khadi ya 1970, zipangizo zilipo. Mpendelo wotuwa wa caka cimeneco. Cithunzi cake atavala suti na tayi, zilipo zambili za masiku a mlandu. Pamene pamalembedwa dzina la timu, pasiyidwe popanda kanthu. Kumbuyo, mizele ya zaka zake ku Cincinnati kumene anayambila na zaka 12 za ku St. Louis, kenaka mzele wa 1970: magemu 0. Dick Allen, amene anasinthanitsidwa naye, analowetsedwa mu Hall of Fame, nyumba yolemekezela akatswili a baseball ku Cooperstown, mu 2025. Marvin Miller anasankhidwa kulowamo mu December 2019. Flood akali panja.